Big, large, great kapena major: chida chiti chingakuthandizeni kusankha liwu loyenera la Chingerezi?

Tsinde limodzi la Chichewa, *-kulu*, limasenza ntchito yomwe Chingerezi chimagawira mawu ambirimbiri. Nyumba yaikulu ndi *a big house* kapena *a large house*, koma chifukwa chachikulu ndi *the main reason*, ngozi yaikulu ndi *a serious accident*, opaleshoni yaikulu ndi *major surgery*. Chinthu "chofunika" chikhoza kukhala *important*, *necessary*, *essential*, *vital* kapena *crucial*. Nalo tsinde la *-tali* limagawika panayi: *tall* pa munthu ndi mtengo, *high* pa phiri ndi khoma, *long* pa chingwe ndi msewu, *far* pa mtunda.

Olemba ambiri matanthauzo a mawuwa amawadziwa. Pomwe amaphonya ndi pa dzina lomwe mfotokozi aliyense amayenda nalo. *A large mistake* ndi mawu omveka, galamala yake ilibe banga, koma eni chilankhulo amati *a big mistake* kapena *a serious mistake*. Choncho posankha chida chothandizira pa mawu amenewa, monga dikishonale kapena pulogalamu ya pa kompyuta, chokuwonetsani mawu oyendera limodzi chimaposa chongokupatsani mndandanda wa mawu ofanana matanthauzo.

## Zoyenera kuyang'ana musanasankhe

Chida chilichonse chiyesedwe ndi mafunso anayi okhudza liwulo.

Loyamba, limayenda ndi mayina ati? *Large* amakonda mayina a kuchuluka: *a large number*, *a large amount*, *a large proportion*, *on a large scale*. *Great* amakonda mayina a zinthu zosagwirika: *great care*, *great difficulty*, *of great importance*. *Big* ndi wa pakamwa, ndipo amalowa pa kukula komanso pa kufunika: *a big decision*, *a big day*.

Lachiwiri, limakhala pati m'chiganizo? *Main* amakhala patsogolo pa dzina basi. Mukhoza kulemba *the main problem*, koma *this problem is main* n'kulakwa. *Important* alibe malire oterewa.

Lachitatu, limalola *very*? *Big*, *large* ndi *important* amalola. *Huge*, *enormous*, *vast*, *essential* ndi *vital* ali kale pamapeto pa muyezo, ndiye *very huge* imamveka ngati yachibwana. Pofuna kutsindika amati *absolutely huge*, *absolutely essential*.

Lachinayi, ndi la zolemba zotani? *Massive* ndi *huge* amamveka bwino pocheza ndi m'nyuzipepala. Mu lipoti la kuntchito kapena la kafukufuku mumayembekezereka *substantial*, *considerable* kapena *major*.

Pamwamba pa mafunsowa pali zinayi za chida chenichenicho: mtengo wake, kupezeka kwake, ntchito yomwe chimafuna kwa inu kuti chipitirize kukuthandizani, ndi momwe chingakusocheretsereni.

## Dikishonale ya zilankhulo ziwiri

Apa ndi pomwe anthu ambiri amayambira, ndipo m'pomveka: mumafufuza liwu lomwe mukulidziwa kale.

Mtengo. Yosindikizidwa mumagula kamodzi. Ina imapezeka ngati pulogalamu ya pa foni, yaulere kapena yolipira.

Kupezeka. Buku silifuna intaneti kapena magetsi. Mapulogalamu ena amagwira ntchito popanda intaneti mukangowatsitsa.

Chisamaliro. Palibe chovuta. Mawu a kukula ndi kufunika sasintha msanga, choncho buku lakale limathandizabe.

Chiopsezo. Mukafufuza *-kulu* mudzapatsidwa mawu angapo otsatizana, olekanitsidwa ndi mpatuliro chabe, ngati kuti aliyense akhoza kulowa m'malo mwa mnzake. Malo m'bukumo sakwanira kufotokoza kuti *a great man* ndi munthu wotamandika chifukwa cha ntchito zake, *a large man* ndi wa thupi lalikulu, pomwe *a big man* akhoza kukhala wojintcha kapena wamphamvu pagulu. Chida chimenechi n'chabwino powerenga, pomwe mwakumana ndi *negligible* kapena *paramount* ndipo mukungofuna kumva tanthauzo. Polemba, chimakufikitsani theka la ulendo.

## Thesaurus

Ili ndi buku lomwe limasonkhanitsa mawu oyandikana matanthauzo. Lotchuka kwambiri ndi la Peter Mark Roget, lomwe linatuluka koyamba m'chaka cha 1852, ndipo linasanja mawu potsata maganizo osati potsata alifabeti.

Mtengo. Ya pa intaneti yambiri ndi yaulere. Microsoft Word ili nayo kale: mukadina liwu ndi batani la kumanja la mausi, mumapeza *synonyms*, mndandanda wa mawu ofanana matanthauzo.

Kupezeka. Palibe chida china chomwe chili pafupi ndi wolemba kuposa ichi, ndipo vuto lake lagona pomwepo.

Chisamaliro. Liwu lililonse lomwe mwatola liyenera kukatsimikizidwa kwina. Ntchito imeneyi ndi yomwe ambiri amaidumpha.

Chiopsezo. N'chachikulu kuposa cha zida zina zonse, makamaka pa mawu a kufunika, chifukwa ambiri mwa iwo ali ndi tanthauzo lachiwiri lomwe thesaurus sichenjeza.

Tengani *significant*. M'chilankhulo cha tsiku ndi tsiku amatanthauza chinthu chooneka, chokhala ndi zotsatira. Mu kafukufuku wa manambala ali ndi tanthauzo lina lokhwima: zotsatira zomwe n'zokayikitsa kuti zangochitika mwamwayi, kawirikawiri pomwe nambala ya *p* ili pansi pa 0.05, malire omwe katswiri wa manambala Ronald Fisher anawatchukitsa m'zaka za m'ma 1920. Anthu ofufuzidwa akachuluka kwambiri, kusiyana kwakung'ono zedi kukhoza kukhala *significant* m'tanthauzo limeneli. Ndiye wolemba lipoti amene wasintha *large* n'kuika *significant* pofuna kukometsa chiganizo wanena chinthu chomwe sanachiyese, ndipo wowerenga wodziwa adzafunsa kuti anagwiritsa ntchito njira iti yoyesera.

*Critical* nayenso ali ndi matanthauzo atatu: chofunika kwambiri, monga *a critical factor*; wodwala mwakayakaya, monga *in a critical condition*; ndi kudzudzula, monga *critical of the plan*. *Material* kwa akatswiri owerengera ndalama ndi nkhani yomwe itati yasiyidwa kapena yalakwitsidwa ikhoza kusintha chiganizo cha wowerenga lipoti la ndalama, osati chilichonse chachikulu. *Enormity* poyamba ankatanthauza kuipa koopsa kwa mchitidwe, ndipo ngakhale ambiri masiku ano amamugwiritsa ntchito pa kukula chabe, akonzi ena amakanabe.

Palinso mawu ofanana maonekedwe omwe amasokoneza munthu wotola mwachangu. *Considerable* ndi wochuluka ndithu, *considerate* ndi woganizira anzake. *Substantial* ndi kukula, *substantive* ndi kukhudza phata la nkhani. *Momentous* ndi chochitika chachikulu, *momentary* ndi cha kanthawi. *Principal* ndi chachikulu pa zonse, *principle* ndi mfundo. *Invaluable*, ngakhale akuyamba ndi *in-*, amatanthauza cha phindu lalikulu zedi.

Thesaurus ndi yabwino pokukumbutsani liwu lomwe mukulidziwa kale koma lakuthawani. Pophunzira liwu latsopano, ayi.

## Dikishonale ya ophunzira Chingerezi

Iyi ndi ya Chingerezi chokhachokha, koma inalembedwera anthu omwe Chingerezi si chilankhulo chawo chobadwa nacho. Oxford Advanced Learner's Dictionary, yomwe anayambitsa A. S. Hornby, inasindikizidwa ndi Oxford University Press m'chaka cha 1948. Longman Dictionary of Contemporary English inabwera mu 1978, ndipo matanthauzo ake onse amalembedwa ndi mawu osavuta pafupifupi 2,000. Collins COBUILD ya 1987, yomwe inakonzedwa motsogozedwa ndi John Sinclair ku yunivesite ya Birmingham, inamangidwa pa ziganizo zenizeni zosungidwa m'kompyuta, ndipo imafotokoza tanthauzo m'chiganizo chathunthu chomwe chimaonetsa kale momwe liwu limakhalira.

Pa mafunso anayi aja, chida ichi chimayankha onse, malinga mudziwe powerenga. Musathamangire tanthauzo lokha. Yang'anani izi motsatizana:

1. Chizindikiro cha galamala pafupi ndi liwu. *Only before noun* chili pa *main*. *Usually before noun* chimapezeka pa mawu ngati *major*.
2. Chizindikiro cha mtundu wa zolemba, *formal* kapena *informal*.
3. Mawu olembedwa ndi zilembo zakuda kwambiri m'zitsanzo. Amenewo ndi oyendera limodzi, monga *the vast majority* kapena *play a major role*.
4. Mperekezi wotsatira. *Important to me* ndi chinthu chomwe ineyo ndimachiona kuti n'chofunika. *Important for your health* ndi chomwe chili ndi phindu pa thanzi, kaya mwini wake akuvomereza kapena ayi.
5. Timabokosi tosiyanitsa mawu. Ya Oxford ili ndi kabokosi kosiyanitsa *big*, *large* ndi *great* potchula mayina omwe aliyense amakonda.

Ya Longman imawonjezera zizindikiro za kuchuluka kwa liwu: S1 kutanthauza kuti lili m'gulu la mawu 1,000 oyamba polankhula, W1 m'gulu la 1,000 oyamba polemba, mpaka S3 ndi W3. Ya Cambridge ndi ya Oxford zimaika milingo ya luso la chilankhulo, kuyambira A1 ya wongoyamba mpaka C2 kapena C1, yomwe imathandiza mphunzitsi kudziwa liwu loyenera kuyamba nalo.

Mtengo. Masamba a pa intaneti a Oxford Learner's Dictionaries, Longman, Cambridge ndi Collins ndi aulere, koma ali ndi zotsatsa malonda. Mapulogalamu athunthu a pa foni ambiri ndi olipira. Buku ndi lokwera mtengo poyerekeza ndi dikishonale yaing'ono ya m'thumba, koma ya m'thumbayo ilibe zitsanzo, ndipo zitsanzozo ndi zomwe mukugula.

Kupezeka. Masamba aulere amafuna intaneti nthawi zonse, ndipo zotsatsa zimadya deta. Buku ndi lolemera kunyamula. Pulogalamu yotsitsa imadya malo m'foni, makamaka mukatsitsanso mawu a katchulidwe.

Chisamaliro. Buku lotsalira ndi zaka khumi silinaonongeke pa nkhani ya *big* ndi *large*. Ntchito yeniyeni ndi ya kope lanu: musalembe liwu lokha, lembani ndi mnzake. Osati *heavy*, koma *heavy rain*, *heavy traffic*, *heavy losses*. Osati *high*, koma *high price*, *high salary*, *high risk*, chifukwa *big price* ndi *big rain* ndi zina mwa zolakwika zomwe zimabwera munthu akamaganiza m'chilankhulo china. Kope lotere liwerengedwe mobwereza, apo ayi mudzafufuza liwu lomwelo chaka chonse.

Chiopsezo. Choyamba ndi kuima pa tanthauzo loyamba. Mawu ngati *great* ali ndi matanthauzo ambiri otsatizana, ndipo lomwe mukufuna likhoza kukhala lachisanu. Chachiwiri, zitsanzo n'zochepa. Ngati dzina lanu silinatchulidwe, simudziwa ngati n'loletsedwa kapena langosowa malo. Chachitatu, dikishonale siingakuuzeni kuti mwatsindika mopitirira. Kalata yomwe mfundo iliyonse ndi *crucial*, *vital* kapena *of paramount importance* imasiya wowerenga osadziwa yoyamba kuchita. Ngati chinthu chingachotsedwe ntchito n'kuyendabe, ndi *important* kapena *useful*. *Essential* asungidwe pa chomwe popanda icho ntchito yaima. Ndipo *urgent* ndi nkhani ya nthawi, osati ya kufunika: chinthu chikhoza kukhala chachangu koma chopanda pake.

## Dikishonale ya mawu oyendera limodzi

Iyi imatembenuza kafufuzidwe. Simuyambira pa mfotokozi, mumayambira pa dzina. Mukatsegula pa *increase* mudzapeza afotokozi atasanjidwa m'magulu: a kukwera kwakukulu monga *dramatic*, *sharp*, *substantial*, ndi a kukwera pang'ono monga *slight*, *modest*, *marginal*. Pa *role* mudzapeza *central*, *key*, *leading*, *major*, *minor*. Oxford Collocations Dictionary inatuluka mu 2002, n'kukonzedwanso mu 2009.

Mtengo. Kawirikawiri n'yolipira, buku kapena pulogalamu. Mbali ina ya zomwe zili m'menemo imaoneka kwaulere pansi pa mawu ena m'masamba a dikishonale za ophunzira.

Kupezeka. Bukuli silipezeka wamba ngati dikishonale zina.

Chisamaliro. Pamafunika kuzolowera kuyamba ndi dzina. Munthu wozolowera kufufuza *big* amaona ngati bukuli lilibe kanthu.

Chiopsezo. Silifotokoza matanthauzo mokwanira. Likupatsani *sharp* ndi *steady* pansi pa *increase*, koma muyenera kudziwa nokha kuti woyamba ndi kukwera kwadzidzidzi, wachiwiri ndi kukwera pang'onopang'ono kosalekeza. Kwa wongoyamba kumene n'lovuta. Kwa wolemba malipoti amene matanthauzo akuwadziwa, palibe chida chofulumira kuposa ichi.

## Nkhokwe za ziganizo pa kompyuta

Akatswiri amazitcha *corpus*. Ndi mulu wa zolemba ndi zolankhula zenizeni, wosanjidwa kuti ufufuzike. British National Corpus ili ndi mawu 100 miliyoni a Chingerezi cha ku Britain cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1900, ndipo gawo limodzi mwa magawo khumi ndi la zolankhula. Corpus of Contemporary American English, yomwe anakonza Mark Davies, ili ndi mawu oposa 1 biliyoni, ogawidwa m'magulu monga zolankhula, nthano, magazini, nyuzipepala ndi zolemba za maphunziro apamwamba. Kugawa kumeneku n'komwe kumayankha funso la mtundu wa zolemba ndi manambala, osati ndi maganizo a munthu.

Poyambira posavuta ndi Google Books Ngram Viewer. Lembani *big mistake, large mistake* molekanitsa ndi mpatuliro, ndipo mizere iwiri idzakuwonetsani kuti ndi ati ochuluka m'mabuku. Mukalemba *large* n'kutsatiza chizindikiro cha nyenyezi, mudzapatsidwa mawu khumi omwe amatsatira *large* kawirikawiri. SKELL, ya kampani yomwe inapanga Sketch Engine, imatulutsa ziganizo za zitsanzo ndi mndandanda wa mayina omwe mfotokozi amayenda nawo.

Mtengo. Ngram Viewer ndi SKELL n'zaulere. Nkhokwe ya ku America ija imafuna kulembetsa, ndipo osalipira ali ndi malire a kafufuzidwe patsiku.

Kupezeka. Intaneti yodalirika n'yofunika, ndipo pa foni matebulo ake savuta kusokonekera. Kompyuta ndi yabwino.

Chisamaliro. Muyenera kuphunzira kafunsidwe, ndipo nthawi zonse muziwerenga ziganizo zenizeni zingapo, osati nambala yokha.

Chiopsezo. Kuchuluka si kulondola. Mawu awiri akhoza kukhala onse olondola koma osiyana matanthauzo, monga *a little money*, ndalama zilipo ndithu pang'ono, ndi *little money*, ndalama n'zosakwanira. Chimodzimodzi *a few* ndi *few*. Nambala siisiyanitsa zimenezi. Kompyuta imawerenganso mawu omwe angogundana mwangozi: *great deal* idzaphatikiza *a great deal of time* ndi *a great deal* ya malonda abwino. Ndipo musasokoneze nkhokwe zimenezi ndi kungofufuza pa Google. Pa intaneti yonse cholakwika chilichonse chili ndi ochilemba ambiri, choncho kupeza *very enormous* pa masamba ena sikutsimikiza kanthu.

## Mapulogalamu omasulira ndi ocheza nawo

Mtengo. Ambiri ali ndi mbali yaulere.

Kupezeka. Google Translate ili ndi Chichewa. Mapulogalamu ocheza nawo, monga ChatGPT, amafuna intaneti.

Chisamaliro. Apatseni chiganizo chonse ndipo muwauze wowerenga wake. Liwu lokha lopanda chiganizo limabweza *big* kapena *great* mongoponya.

Chiopsezo. Chingerezi chawo chimayenda bwino, ndiye cholakwika sichioneka. Amakonda kukweza mawu: mwalemba kuti chinthu n'chofunika, iwo aika *crucial* kapena *pivotal*, mwati chasintha pang'ono, aika *significantly*. Mu mgwirizano wa malamulo kapena lipoti la kafukufuku, kukweza kotere kumasintha zomwe mwalonjeza kapena zomwe mwapeza. Akhozanso kufotokoza lamulo la galamala molimba mtima pomwe lamulolo kulibe. Zolemba zachinsinsi za kuntchito zisalowetsedwe m'menemo popanda chilolezo.

## Ndani asankhe chiti

Wophunzira wa ku sekondale wokonzekera kulemba chimangirizo pa mayeso atenge dikishonale ya ophunzira, makamaka buku ngati intaneti n'yovuta, pamodzi ndi kope la mawu awiriawiri. Thesaurus aisiye kaye. Wolemba *big problem* molondola amapeza malikisi kuposa wolemba *gigantic problem* pofuna kugometsa.

Wongoyamba kumene, amene matanthauzo a Chingerezi chokhachokha akumulemera, ayambe ndi ya zilankhulo ziwiri kuti apeze mawu awiri kapena atatu, kenaka awayese m'ya Longman, chifukwa matanthauzo ake ndi osavuta.

Wolemba malipoti ndi makalata a kuntchito apindula kwambiri ndi dikishonale ya mawu oyendera limodzi, popeza mayina ake ndi omwewo tsiku lililonse: *increase*, *impact*, *risk*, *delay*, *role*. Pomwe nambala ilipo, ailembe. *An increase of 12 per cent* imanena zambiri kuposa *a substantial increase*.

Wa ku yunivesite wolemba kafukufuku agwiritse ntchito gawo la zolemba za maphunziro m'nkhokwe ya ziganizo, ndipo *significant* amusunge pa zotsatira zomwe zayesedwa ndi manambala. Kwina konse alembe *large*, *marked* kapena *notable*.

Womasulira ndi mkonzi amafuna zida zitatu pamodzi: ya zilankhulo ziwiri poyambira, ya ophunzira potsimikiza galamala, ndi nkhokwe pa mayina omwe mabuku sanawatchule. Pa mawu a malamulo ndi a ndalama, monga *material* ndi *substantial*, aonenso tanthauzo lomwe chikalata chenichenicho chapereka, chifukwa limeneli limaposa la dikishonale.

Wolemba uthenga wachangu kwa mnzake akhoza kudalira pulogalamu yomasulira, bola awerengenso mfotokozi aliyense ndi kutsitsa amene wakwezedwa mopitirira zomwe iye amatanthauza.